Nsomba Zikudwala Mukangosintha Madzi? Fufuzani Kaye Ndowa ndi Mpopi

Uthenga umene umandifika kawirikawiri kuchokera kwa anzanga oweta nsomba za m'nyumba ndi umodzi womwewo: "Dzulo zinali bwinobwino, ndasintha madzi, m'mawa uno ndapeza zitatu zayandama. Ndigule mankhwala anji?" Ine ndimati musagule kaye. Nsomba zikadwala pasanathe masiku ochepa chisinthireni madzi, wolakwa nthawi zambiri ndi madziwo, ndipo kuthira mankhwala a matenda m'madzi oipa kale n'kungozimalizitsa.

Madzi a pampopi amakonzedwa kuti munthu amwe osatsegula m'mimba. Klorini amene amatiteteza ifeyo ndi amene amawotcha zopumira za nsomba, zija zofiira zili m'mbali mwa mutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi azifika kwa wakumwa ali ndi klorini wosachepera 0.2 mg pa lita. Kwa nsomba mlingo woyenera ndi 0.

Poyambira: madzi akonzedwere mu ndowa, osati m'thanki

1. Tsegulani mpopi wa madzi ozizira, oyambawo atuluke kaye kwa mphindi 2 kapena 3. Amenewo thirirani maluwa.
2. Tungirani mu ndowa ya nsomba yokha, yosachapiramo, yosakolopera.
3. Thirani mankhwala ochotsa klorini molingana ndi malita a mu ndowamo, takasani, dikirani mphindi 5.
4. Yerekezani kutentha kwake ndi kwa madzi a m'thanki.
5. Thirani pang'onopang'ono. Pa sabata sinthani gawo limodzi mwa magawo 4, osati madzi onse.

Werengani botolo, chifukwa mankhwalawa amasiyana mphamvu kwambiri. Seachem Prime amafuna 5 ml pa malita 200, ndiye kuti pa ndowa ya malita 20 ndi theka la mililita basi. Tetra AquaSafe amafuna 5 ml pa malita 10, ndiye ndowa yomweyo imadya 10 ml. Chivindikiro cha botolo sichingakuyezereni theka la mililita; gulani sirinji yaing'ono ku famase. Ngati simudziwa kukula kwa thanki yanu, chulukitsani mulitali, mulifupi ndi kuya kwake m'masentimita, mugawe ndi 1000. Thanki ya 60 × 30 × 30 ndi ya malita 54.

Chizindikiro 1: Nsomba zakwera pamwamba, zikupuma mwawefuwefu mutangothira madzi

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo limapha msanga. Zina zimathamanga uku ndi uku ngati zikufuna kudumpha, zina zimangoima pakona pakamwa pali yasa.

*Klorini.* Pa zifukwa zonse ichi ndicho choyamba. Mwina mwaiwala mankhwala, mwina mwathira ochepa, kapena klorini wa tsiku limenelo anali wochuluka kuposa wa masiku onse. Mlingo wake sukhala umodzimodzi chaka chonse. M'dzinja mitsinje ikadzaza matope, kapena akangokonza paipi yophulika, madzi amatha kubwera akununkha klorini kwambiri. Amene amakhala pafupi ndi malo oyeretsera madzi amalandiranso wambiri kuposa amene ali kumapeto kwa paipi.

- Kuyeza: nunkhizani madzi otsala mu ndowa. Koma mphuno isakunamizeni, klorini wosamveka fungo amaphabe. Timapepala toyezera kapena timapiritsi ta DPD togulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za madamu osambira n'todalirika.
- Kukonza: thirani mankhwala ochotsa klorini m'thanki momwemo, mlingo wa malita a thanki yonse. Yatsani pampu ya mpweya. Zimitsani nyale, musapereke chakudya tsiku limenelo.

Pali msampha wina wa kwathu kuno umene mabotolo a kunja sautchula, ndiwo madzi osungidwa m'nyumba. Kumayambiriro kwa 2023, kolera itavuta m'dziko muno, makomo ambiri ankathira klorini m'madzi akumwa. Tsiku lina mpopi wathu unali wouma, ine ndinatunga mu mgolo wa kukhitchini poganiza kuti madzi agonamo masiku awiri, klorini watha. Sindinafunse. Mayi a kunyumba anali atathiramo mankhwala m'mawa womwewo, monga momwe a zaumoyo ankalangizira. Ndisanamalize n'komwe kutsuka ndowa, mbuna yanga yaimuna ya mizere yabuluu, kansomba ka m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, inali itagona chammbali pansi pa mwala, zopumira zikuphethira ngati chikope. Ndinapulumutsa zinayi, ziwiri zinapita. Kuyambira pomwepo mgolo wa nsomba uli pawokha ndipo ndinaulemba ndi penti. Ngati panyumba panu mumathira WaterGuard kapena klorini wina aliyense m'madzi akumwa, pitirizani, moyo wa anthu ndiwo woyamba, koma madzi amenewo asalowe m'thanki musanawathire mankhwala ochotsa klorini ndi kuwayeza.

*Chloramine.* Uyu ndi klorini wophatikizidwa ndi amoniya, amene naye ndi poizoni kwa nsomba, kuti achedwe kutha m'mapaipi ataliatali. Abale athu a ku Johannesburg ndi Pretoria, amene madzi awo amachokera ku Rand Water, amakumana naye, ndiponso madera ena a ku Britain. Klorini wamba amauluka yekha mukasiya madzi pa ndowa yotsegula kwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka mukaikamo pampu ya mpweya. Chloramine sachoka choncho. Angathe sabata ali momwemo. Choncho munthu amene anazolowera kugoneka madzi ali kumudzi, akasamukira ku Joni n'kuchita zomwezo, amadabwa nsomba zikufa.

- Kuyeza: gonekani madzi masiku awiri muli mpweya, kenako yezani klorini yense, amene pa choyezera amalembedwa kuti total chlorine. Akaonekabe, ndi chloramine. Mungathenso kufunsa ku ofesi ya madzi kwanuko.
- Kukonza: gulani mankhwala amene botolo lake lalemba kuti amachotsa chloramine ndi kumanga amoniya. Mankhwala otchipa a sodium thiosulfate yekha amachotsa klorini uja n'kusiya amoniya m'madzi.

*Madzi opanda mpweya.* Madzi a pa mjigo, a pachitsime chakuya kapena a mu chigubu chotsekedwa kwa nthawi yaitali nthawi zambiri alibe klorini, koma mpweya wopuma nsomba ndi wochepa. Mu Okutobala vutoli limakula, chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Atsanulireni mu ndowa ina kangapo kuchokera m'mwamba, kapena muikemo pampu kwa ola limodzi. Madzi owiritsa nawonso ali m'gulu lomweli, ndipo kunena zoona, kuwiritsa malita 20 sabata iliyonse n'kuwononga makala.

*Mankhwala ochotsa klorini ochuluka mopitirira.* Kuwirikiza kawiri sikuvuta. Koma kukhuthula theka la botolo chifukwa cha mantha kumachepetsa mpweya m'madzi. Onjezerani mpweya, musinthe gawo la madzi.

Chizindikiro 2: Tsiku loyamba zinali bwino, patapita masiku 2 mpaka 5 zafooka, madzi achita mbuu

Apa klorini sanaphe nsomba, wapha antchito anu osaoneka. Mu siponji ya fyuluta, chosefera madzi a m'thanki, ndi m'timiyala ta pansi mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya wa m'zitosi za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate amene savulaza kwambiri. Iwowa akafa, amoniya ndi nitrite zimakwera.

Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri:

- Mwatsuka siponji ya fyuluta pampopi. Anthu aukhondo ndiwo amagwa kwambiri apa. Siponji ifinyidwe m'madzi akale amene mwachotsa m'thanki, ndipo ikhalebe yabulauni. Yoyera mbee ndi yakufa.
- Mwasintha madzi onse, n'kutsuka miyala ndi galasi tsiku limodzi.
- Madzi anu ali ndi chloramine, ndipo mankhwala anu asiya amoniya.
- Magetsi anazima kwa maola ambiri, fyuluta inaima, mabakiteriya anasowa mpweya. Ngati yanu ndi fyuluta yotsekedwa ya panja pa thanki, tayani madzi a m'kati mwake musanaiyatsenso; akanunkha ngati dzira lovunda asalowe m'thanki.
- Thanki ndi yatsopano. Mabakiteriya amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akhazikike.

Yezani amoniya ndi nitrite. Zonse ziwiri ziyenera kukhala pa 0. Nitrite akachuluka magazi a nsomba amalephera kunyamula mpweya, zopumira zimasanduka zabulauni, ndipo nsomba imabanika ngakhale pampu ikuwira.

Chochita ndi ichi: sinthani gawo limodzi mwa magawo 3 a madzi tsiku ndi tsiku, ndi madzi okonzedwa bwino, mpaka zoyezera zitsike. Chakudya chepetsani kwambiri. Nsomba yaikulu yathanzi siifa ndi njala ya masiku atatu. Pa nitrite, supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa malita 20 imathandiza kuti asalowe m'magazi, koma mchere suuluka, choncho muziwonjezera wa madzi amene mwachotsa okha. Ngati muli ndi mnzanu wa thanki yakale yopanda matenda, m'pempheni chidutswa cha siponji yake, muike mu fyuluta yanu chikadali chonyowa. Zotsalazo n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musawonjezere nsomba zina mpaka milungu iwiri idutse zoyezera zili pa 0.

Oweta mbuna ndi nsomba zina za m'Nyanja ya Malawi asamale koposa. Ululu wa amoniya umakula pH ikakwera; pH ndi muyeso wa asidi m'madzi, ndipo imakwera asidi akachepa. Madzi akatentha 25°C, gawo loopsa la amoniya pa pH 8 limachuluka pafupifupi ka 10 kuposa pa pH 7. Mlingo umene nsomba za madzi a pH yotsika zingapirire, m'thanki ya mbuna ungaphe.

Chizindikiro 3: Madzi atuluka oyera ngati mkaka, timathovu tamatirira pagalasi ndi pa nsomba

Kawirikawiri ndi mpweya wopanikizika m'mapaipi, makamaka madzi akangobwerera atasowa. Tungani mu tambula muone. Akayamba kuyera kuchokera pansi kupita m'mwamba m'mphindi zochepa, ndi mpweya. Kwa munthu alibe vuto, koma nsomba ikakhala m'madzi otere timathovu timatha kupangika m'zipsepse, m'maso ndi m'zopumira. Asiyeni mu ndowa kwa maola angapo, muziwatakasa, mpaka timathovu titasiya kumatirira m'mbali mwa ndowa. Musamathire madzi m'thanki ndi paipi yochokera pampopi mwachindunji.

Akapanda kuyera ndipo pansi pa tambula pakhala zoyera ngati ufa, ndi laimu wa m'madzi olimba kapena fumbi la mchenga watsopano wosatsukidwa. Zimenezo fyuluta imachotsa yokha.

Chizindikiro 4: Madzi ofiira, a matope kapena a dzimbiri

- Madzi oyamba atasowa kwa nthawi. Amanyamula dzimbiri ndi dothi la m'mapaipi. Tsiku limene madzi abwerera si tsiku losintha madzi a nsomba. Dikirani mawa.
- Mvula yamphamvu. Agonekeni mu mgolo, matope akhale pansi, mutunge a pamwamba.
- Chitsulo cha m'madzi a pa mjigo. Amatuluka oyera bwino, patapita maola angapo asanduka ofiirira. Chitsulocho chikagwira zopumira chimazitseka. Agonekeni masiku awiri muli mpweya, musefe ndi nsalu yoyera yosachapidwa ndi sopo.
- Thanki yosungira madzi ya padenga yomwe sinatsukidwe zaka zambiri.

Posefa, kapena povindikira mgolo kuti udzudzu usaswanemo, musagwiritse ntchito neti yogonamo. Ndifotokoza chifukwa chake pa chizindikiro 7.

Chizindikiro 5: Zagona pansi, zipsepse zapindika, patapita masiku zatuluka timadontho toyera ngati mchere

Ndi kuzizira kwadzidzidzi. Mu Juni ndi Julayi, madzi a pampopi a m'mamawa ku Dedza, ku Mzuzu ngakhale ku Lilongwe amazizira kwambiri poyerekeza ndi thanki ya hita yofunditsa madzi, imene ili pa 25°C. Nsomba ikadzidzimuka chonchi thupi limafooka, ndipo tizilombo toyambitsa timadontho toyera timapeza danga.

Kusiyana kusapitirire madigiri 2. Dzanja limathandiza, koma kachoyezera kutentha n'kotchipa ndipo sikanama. Pofunditsa, wiritsani madzi ozizira pang'ono mu ketulo muthire mu ndowa. Osatunga ku mpopi wa giza. M'miyezi yozizira sinthani madzi masana.

Timadontho tikatuluka, amenewo ndi matenda enieni ndipo amafuna mankhwala ake. Koma yambani mwayeza amoniya ndi nitrite, ndipo muchotse makala apadera osefera madzi ngati alimo mu fyuluta, chifukwa amayamwa mankhwalawo.

Chizindikiro 6: Mbuna zafwifwa mtundu, zikudzikhula pa miyala, zikubisala

Madzi a m'Nyanja ya Malawi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo sasinthasintha. Mbuna za m'miyala ya ku Cape Maclear, Likoma kapena Nkhata Bay zinazolowera zimenezo. Kukhala m'Malawi sikutanthauza kuti pampopi panu pakutuluka madzi a m'nyanja. A ku Zomba amachokera m'phiri, a ku Lilongwe mu mtsinje wa Lilongwe kudzera m'madamu a Kamuzu, ambiri a ku Blantyre mu Shire pa Walker's Ferry. Madzi a m'mapiri ndi a mvula amakhala ofewa, kutanthauza kuti laimu ndi wochepa, ndipo pH yake imagwa msanga.

- Choyamba onetsetsani kuti si klorini wotsala pang'ono kapena amoniya, chifukwa nazonso zimayabwitsa khungu.
- Yezani pH ya m'thanki ndi ya mu ndowa. Ya mu ndowa muyeze madzi atagona usiku umodzi, chifukwa ya madzi ongotuluka kumene imasintha mpweya wa m'kati ukachoka.
- Madzi akakhala ofewa, ikani miyala ya laimu kapena zigoba za nkhono zophwanya mu fyuluta. Zimasungunuka pang'onopang'ono, ndipo ine njira imeneyi ndiyo ndimakonda.
- Soda uja timathira mu therere amagwiranso ntchito. Yambani ndi theka la supuni yaing'ono pa malita 20, musungunulire mu ndowa. Chidulo ayi.
- pH isasinthe kuposa 0.3 pa tsiku. Nsomba zimapirira pH yosakwanira bwino koma yokhazikika kuposa imene ikukwera ndi kutsika sabata iliyonse.

Thanki imene yakhala miyezi osasinthidwa madzi, ikungowonjezeredwa akaphwa, imakhala ndi pH yotsika ndi nitrate wambiri. Mukaisintha theka lonse tsiku limodzi nsomba zimadzidzimuka ngakhale madzi atsopanowo ali abwino. Yambani ndi gawo limodzi mwa magawo 10 masiku awiri alionse.

Ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Mankhwala ochotsa klorini sachotsa mchere. Sakanizani ndi madzi ena opanda mchere.

Chizindikiro 7: Zikunjenjemera, zikuzungulira, zikufa zonse pamodzi, kapena nkhono zokha ndizo zafa

Apa muganize za poizoni amene walowa ndi madzi kapena ndi ndowa.

- Sopo wa ufa, Jik kapena mafuta odzola a m'manja mwanu. Onani thovu losaphulika msanga pamwamba pa madzi.
- Mankhwala ophera udzudzu ndi mphemvu. Opopera m'nyumba, koyilo, ndi mankhwala a mu neti zogonamo ambiri ndi a gulu la pyrethroid, limene limapha nsomba pa mlingo wochepetsetsa. Popopera vindikirani thanki ndi mgolo, muzimitse pampu ya mpweya mpaka fungo litatha.
- Chigubu chogula pamsika chimene simukudziwa kuti munali chiyani. Chomwe munali mankhwala a m'munda sichiyera, kaya mutsuke kangati.
- Kopa (mkuwa) wa m'mapaipi a giza. Nkhono ndi zimene zimayamba kufa.
- Zinki wa pa malata kapena mu ndowa yachitsulo. Madzi a mvula a padenga, makamaka mvula yoyamba, asalowe m'thanki.

Musataye nthawi ndi kuyeza, zoyezera za m'nyumba sizionetsa zambiri mwa izi. Samutsirani nsomba mu chidebe choyera cha madzi okonzedwa, otentha mofanana, muikemo mpweya. Thanki muisinthe madzi ochuluka kangapo, muike makala a mu fyuluta atsopano. Ndikunena makala ogulitsidwira ntchito imeneyi, osati a pa mbaula.

Pamene muyenera kuleka n'kuitana odziwa

- Mwamva kugwedeza kwa magetsi pogwira madzi. Zimitsani zonse pakhoma, musapisenso dzanja. Hita yosweka kapena waya wonyeka ndi ntchito ya wamagetsi.
- Madzi a pampopi akununkha mafuta a galimoto, chimbudzi, kapena klorini woti maso akuwawa. Nkhaniyi yapitirira nsomba. Musamwe, dziwitsani ofesi ya madzi, muuzenso oyandikana nawo.
- Madzi a pampopi, pa mjigo kapena pachitsime akuonetsa amoniya, nitrite kapena nitrate wambiri musanawathire m'thanki, pomwe kwanuko kulibe chloramine. Mwina chimbudzi kapena feteleza zikulowa m'madzi. Kayezetseni ku labu, makamaka ngati pakhomo pali mwana wakhanda.
- Zoyezera zonse zili bwino koma nsomba zikufabe kwa sabata. Funsani dokotala wa ziweto kapena alangizi a za nsomba a m'boma lanu. Ku Domasi, ku Zomba, kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, ndipo ku Bunda, pa LUANAR, kuli gawo lophunzitsa zomwezo. Tengani madzi a m'thanki ndi a pampopi m'mabotolo awiri oyera, ndi nsomba yodwala ikadali moyo. Yofa dzulo siuza munthu kanthu.
- Nsomba zatuluka zilonda zofiira zakuya, makamaka ngati munazitenga mu mtsinje kapena m'damu. Matenda a zilonda otchedwa EUS anapezeka m'Malawi mu 2020, kuyambira ku Mchinji, ndipo amafala ndi madzi. Dziwitsani a za nsomba. Zakufa muzikwirire, madzi ake muthire pa dothi kutali ndi ngalande kapena mtsinje.
- Inuyo mwatuluka chotupa kapena chilonda chosapola pa dzanja limene mumapisa m'thanki. Pitani kuchipatala, ndipo muwauze adokotala kuti mumaweta nsomba, chifukwa pali kachilombo ka m'madzi a nsomba kamene mankhwala wamba a zilonda sakagonjetsa.